Dzira la Pakhosi pa Azakhali

Mkanda wanga wakana kumangika m'mawa uno. Khosi latupa, ndipo ngakhale phala likutsika movutikira. Mapiritsi a chithokomiro changa chaulesichi ndimamwa ndithu, koma anamwino a pachipatala chaching'ono cha ku Insaca akuti chotupachi chikaonedwe kuchipatala chachikulu msanga.

Ndakumbukira azakhali anga a ku Chiuta. Iwonso anali ndi chotupa pakhosi, chobulungira, chokwera ndi kutsika akamameza. Masiku amenewo ine ndinkaba mazira m'khola n'kumakawiritsa m'chitini kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lina amayi anakalipa: "Akundithera mazira ndani?"

Ndinaloza azakhali. "Si awo! Onani, lina lawatsamira pakhosi!"

Ndinkakhulupiriradi kuti ndi dzira, moti ndinkaganiza kuti akuba tilipo awiri.

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola, maso ali pa tizigoba tomwe tinakanirira pa diresi langa. "Zoona mlamu, ndine. Likadzaswa, mwanapiyeyo ndidzapatsa mboni yangayi."

Ndinamudikira zaka ziwiri mwanapiyeyo, ndikumaika khutu pakhosi pawo. Iwo kuchipatala sanapiteko. Ine mawa ndikukwera chapa, minibasi ya kuno, kupita kuchipatala chachikulu; langali sindilifungatira.