Uthenga wa Juzi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe kapitawo anatiuza kuti tiyi wachepa, othyola ena tidikire mvula. Sindinakambirane ndi munthu. Ndinafika kunyumba n'kuuza mkazi wanga, amake Esinati, kuti Lachisanu ndikukwera. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati achape jekete. Ndinati achape.

Ine ndine mkamwini m'mudzi wina kuseri kwa Chonde. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi akuchikazi. Mwini mbumba ndi a Likhutcha, amalume ake a mkazi wanga. Nditapita kukawatsanzika anati, "Pitani, akamwini. Koma mkazi si mbuzi yoti mumangirire pamtengo n'kudzaipeza pomwepo."

Miyezi yoyamba ku Joni ndinkaponda matope kwa omanga nyumba. Kenako bambo wina wa ku Phalombe anandilowetsa kwa bwana wa maminibasi onyamula alendo obwera kumisonkhano. Ntchito yanga inali kuima pabwalo la ndege ndi chikwangwani, kunyamula zikwama, kufikitsa anthu kuhotela. Alendo amafunsa zomwezomwezo, ndiye bwana anandipatsa pepala la malangizo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Pepalalo ndinaliloweza ngati katekisimu.

Ndinkauza anthu kuti asamale mapasipoti awo, pomwe yanga masiku anali atatha kalekale. Wapolisi akangoyang'ana kumene ndaima, ndinkabisa nkhope kuseri kwa chikwangwani. Ndinkagona m'kachipinda ka malata. Lamlungu limatha osalankhula ndi munthu.

Kunyumba ndinkatumiza ndalama ya feteleza ndi ya aganyu, osaphonya. Uthenga wanga unali umodzi: "Ndatumiza. Ndili bwino." Ndinkaona kuti zakwana. Munthu wopanda mapepala ukayamba kufotokoza zambiri umangoopseza anthu.

Chaka chachinayi, mu Juni, amake Esinati anandiuza kuti alangizi athu a zaulimi, mayi Nakoma, asankhidwa kupita kumsonkhano ku Joni. Ndege sanakwerepo, akuchita mantha, ndiwauze zoyenera kuchita. Nambala yawo ndinalibe. Ndinajambula mawu n'kutumiza pafoni ya mkazi wanga kuti akawamvetsere.

Ndinalankhula zonse za papepala, ndi zanga zomwe. Ndinati aone ngati pasipoti ili ndi masamba awiri osadinda. Kalata yowaitana ikhale m'manja, osati m'chikwama chachikulu. Asanyamule mbewu kapena nyama, amalanda. Pulagi ya kwathu silowa kuno, agule ina pofika. Asakwere galimoto ya munthu wowaitana pakhomo, adikire wachikwangwani. Foni asamaionetse pamsewu. Ndalama asinthe zochepa, zina abise. Kenako ndinati, "Mayi, kuno Juni si wa kwathu. Tengani juzi yokhuthala, valani masokosi. Mukamva chifuwa musapirire, ndiuzeni." Nditamaliza, foni inaonetsa mphindi khumi ndi ziwiri.

Mayi Nakoma anabwera, msonkhano unatha, anabwerera bwino. Koma amake Esinati anasiya kundiyankha. Uthenga ankautsegula, ndinkaona. Osayankha. Ndinatumiza ndalama, zii. Ndinaimba, foni inalira mpaka kuduka. Sabata, mwezi, miyezi itatu. Tsiku lina ndinakweza chikwama cha mlendo m'minibasi yolakwika, bwana anandikalipira pamaso pa anthu.

Kumapeto kwa Seputembala a Likhutcha anandiimbira. Sanapereke moni.

"Akamwini, mvula isanagwe tikuoneni kuno. Apo ayi, mudzangobwera kudzasasula malata anu."

Ndinafunsa kuti ndalakwanji. Anati amene ndinamulakwira ndikumudziwa, n'kudula.

Ndinaganiza zambiri. Mwina wina wanama kuti ndili ndi mkazi ku Joni. Mwina mayi Nakoma anaona kachipinda kanga n'kukanena kuti ndine munthu wotayika. Mwina pakhomo panga palowa mwamuna. Ndinkadziwanso kuti ndikatuluka ndi pasipoti yotha masiku, andidinda kuti ndisalowenso, ntchito yathera pomwepo. Ndinakhala masiku anayi ndikuyang'ana chikwama. Lachisanu ndinakwera basi.

Pachipata cha Beitbridge anandidindadi. Sanandimenye, sananditsekere. Anangolemba n'kundibwezera pasipoti. Zimbabwe yonse, Tete, mpaka Mwanza, ndinkakonza zokayankha pa mlandu womwe sindinkaudziwa.

Pa Chonde ndinatsika masana, dzuwa likuswa mtengo. Wakabaza, bambo wa imvi, anandifunsa kumene ndikupita. Nditatchula pakhomo, anatembenuka.

"Ndinu a juzi aja? Kwerani, bwana. Chikwangwani ndilibe, koma sindikuberani."

Anaseka njira yonse. Pamjigo amayi awiri anasiya kupopa, wina n'kunena mokweza kuti masokosi ndavala kodi. Mudzi wonse unkadziwa mawu anga.

Amake Esinati ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anali ataonda. Mwamuna panalibe, mizere kumunda inali itaungidwa kale. Anandipatsa madzi ndi mpando ngati mlendo. A Likhutcha anabwera n'kukhala pambali. Mkazi wanga anatulutsa foni pansalu, anaika pamphasa, n'kutsegula uthenga uja. Tinamvera wonse, mphindi khumi ndi ziwiri.

A Likhutcha anandiuza kuti uthengawo mkazi wanga anautsegula koyamba kumsonkhano wa alimi, alangizi ali pomwepo. Anthu anayamikira kuti bambo a Esinati ndi munthu wosamala. Wina anafunsa mkazi wanga kuti ngati mlendo akuuzidwa chonchi, iye amauzidwa zotani.

"Ndinkati simudziwa kulankhula," anatero amake Esinati, maso ali pa chinangwa. "Ndinapirira. Ndinkati ndi chibadwa. Kani mumadziwa. Munthu wa eni mwamuuza mpaka za masokosi. Ine zaka zinayi, Juni anayi, simunafunsepo ngati m'nyumba muno muli bulangeti."

Ndinati zija zinali za papepala la bwana.

"Za chifuwa zinalinso papepala?"

Sizinali papepala.

Esinati, yemwe ndinamusiya akuyamba sukulu, anaima pachitseko. Anati amayi amatsegula uthengawo akamakonza ndiwo, akamachapa, mpaka batire kutha. Amake anamukalipira kuti alowe m'nyumba. Koma sanakane.

A Likhutcha anaimirira n'kukutumula fumbi pathalauza. Anati iwo za malata alibe nazo changu. Mlanduwu si wa ankhoswe, ndi wa pakamwa panga. Anapita.

Tinatsala awiri. Ku Joni sindingabwererenso, ndipo ndinaona kuti zimenezo mkazi wanga sizikumukhudza. Ankadikira. Ine pepala loloweza ndinalibe. Ndinayang'ana phiri, ndinayang'ana nkhuku. Kenako ndinati sindikudziwa poyambira.

Anandikankhira mpeni ndi chinangwa chimodzi.

"Yambirani pa juzi," anatero.