Apilo ya achimwene Madalitso

Ndikukumbukira kalata imene inafika kunyumba kwathu ku Landover, ku America, achimwene anga Madalitso atangopitirira zaka khumi ndi zitatu. Amayi anaiwerenga ataimirira, akadali mu yunifolomu ya kuntchito, kenaka anakhala pansi osavula nsapato. A ku ofesi ya msonkho anali atakana pempho lathu.

Achimwene anabadwa ndi vuto la mu ubongo. Ankayenda, ankalankhula, ankaseka kuposa tonse, koma kusamba, kuvala ndi kuwoloka msewu zinkafuna munthu pambali. Amayi ankasamalira okalamba ku Bethesda, ndiye masana achimwene akatsika basi ya sukulu ankawalandira a Tembo, mayi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu. Boma linkabweza gawo la ndalama zimene amayi ankalipira a Tembo. Koma mwana akafika msinkhu umenewo linkasiya, pokhapokha dokotala atalemba kuti sangathe kudzisamalira yekha.

Dokotala analemba ndithu, koma analemba zimene amayi anamuuza. Ndipo amayi anga, mlendo akawafunsa za mwana wawo, yankho linali limodzi: ali bwino, Mulungu ndi wabwino. Ankati kwathu za m'nyumba sitipita nazo pamsewu. Sabata yomweyo ndinawamva pa foni akuuza azakhali kuti zikavuta, asiya kulipira a Tembo, ndipo achimwene akakhala ku Ntcheu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, komanso ndinali ndi pakamwa. Mabatani a malaya a achimwene ndinkamanga ndine, ndipo batani lililonse linkalowa ndi dandaulo lake. Komabe za Ntcheuzo zinandiwawa kwambiri. Kudandaula za munthu n'kwina, kumutaya n'kwinanso.

Amayi anachita apilo, ndipo a ku ofesi aja anatipatsa tsiku lokaonekera. Kwa iwo, kupita pamaso pa boma kunali ngati kupita ku ukwati. Anabwereka suti yakuda ndi tayi, nawameta achimwene bwinobwino, n'kuwadzoza mafuta mpaka chipumi kuwala. Masiku atatu ankawaphunzitsa kupereka moni, dzanja lamanzere litagwira chigongono. M'mawa wake a Tembo atawaona anagwira pakamwa.

"Imwe amake Mada, mwamuvalika monga loya! Bazaganiza ndiye wabwela kukuimililani."

Amayi anaona ngati awayamikira.

Ine ananditenga kuti ndiziwagwira achimwene dzanja pa masitepe oyenda okha a ku siteshoni. Ofesiyo inali yozizira, yonunkha khofi wokhalitsa. Anatilandira mayi wina wa magalasi a chingwe. Achimwene anapereka moni uja mosaphonya ngakhale pang'ono, ndipo ndinaona amayi akutukumuka pampando.

Mafunso anayamba. Kodi amadya yekha? Amayi anati kwambiri, mbale ziwiri. Kodi amavala yekha? Amayi anangoloza suti ija, amvekere mwaona nokha. Kodi angatsale yekha m'nyumba? Amayi anati ndi mwana womvera, sanawayankhepo mwano chibadwire. Bodza lenileni sananene, amayi anga anali a chigwirizano. Ankangoyankha funso lina, osati limene afunsidwa. Mayi wa magalasi ankalemba, akuyang'ana suti, akulemba. Kenaka anabwezera chivindikiro pa cholembera n'kuyamba kutseka fayilo.

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinalankhula m'Chingerezi cha kusukulu, mothamanga ngati wina andilanda. Ndinati tayiyo amanga amayi, mabatani ndamanga ine, nsapato akavala okha amasemphanitsa. Ndinati madzi osamba timayesa ndife chifukwa anapsapo. Amayi ananditsina pantchafu pansi pa tebulo. Ndinanena za tsiku limene anatuluka kukatsatira galimoto ya ayisikirimu, tinakawapeza madzulo kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Amayi anapotoza chitsinocho, misozi inalengeza, koma sindinasiye.

Kenaka ndinamaliza. Ndinachita mantha kuwayang'ana achimwene, poti zonsezo ndinanena iwo ali pomwepo. Koma iwo anandigwira pamkono, nkhope ikuwala.

"Waiwala za mpunga."

Anafotokoza okha. Tsiku lina a Tembo atachedwa, achimwene anaika mpunga pa moto wopanda madzi kuti atiphikire. Belu la utsi linalira, anthu a nyumba yonse ya nsanjika anatuluka kukaima m'chipale chofewa, ena ndi matawulo okha, ndipo kunabwera galimoto ziwiri zozimitsa moto. Ziwiri! Anakweza zala kuti mayiyo aone bwino. Kwa achimwene limenelo linali tsiku lopambana masiku onse.

Mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenaka anatsegulanso fayilo, natulutsa fomu yatsopano ya dokotala, n'kuuza amayi mofatsa kuti popita kwa dokotalayo atenge mtsikanayu, akuloza ine.

Podikira sitima amayi sanandiyang'ane. Ndinkayembekeza chilango cha kunyumba, ndikuwerengera kuti chikhala cha patapata kapena cha mthiko. M'malo mwake anayamba kumasula tayi ya achimwene pang'onopang'ono, nalankhula ngati akuuza tayiyo.

"Zonse wanenazo n'zoona, mwana wanga. Kungoti aliyense kuno akamuona amaona vuto. Ndimafuna lero lokha munthu mmodzi amuone mmene ndimamuonera ine."

Ndinalira mpaka tinafika ku Landover, achimwene akundipukuta ndi mkono wa suti ya eni ake.

Dokotala analembanso, ulendo uno ine ndikuyankha, amayi akuyang'ana kudenga. Patapita miyezi ingapo kalata yovomera inafika.

Masiku ano zinasintha. Makolo achinyamata a kwathu amatchula vuto la mwana ndi dzina lake, amatumizirana mafomu pa foni, ndipo ndimawasirira. Akandipempha kuti ndiwathandize kulemba, ndimawauza kuti alembe za tsiku loipitsitsa, osabisa kanthu, chifukwa fomu imafuna zimenezo. Koma tisanagwire cholembera ndimayamba ndawafunsa kuti mwanayo amakonda chiyani, ndipo ndimawasiya afotokoze mpaka atope. Amayi anga palibe anawafunsapo funso limenelo. Achimwene ku Ntcheu anapitako kamodzi kokha, ali ndi imvi kale, pokaperekeza maliro a amayi, ndipo tinabwerera limodzi.