Wometa Woyang'ana Kumanzere

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamvani za wometa uyu.

Tsiku lomwe anameta nsidze ya kasitomala m'malo mwa ndevu, khosi lake linali litapotokera kumanzere palokha, monga linkachitira miyezi imeneyo. Tsoka lake, kumanzereko kunja kwa zenera kunkakhala mayi wogulitsa nthochi, wooneka bwino ndithu.

"Achimwene, mukumeta ine kapena mukufunsira mbeta?" anakalipa kasitomalayo, n'kutuluka ndi nsidze imodzi.

Posakhalitsa, pampando wometera pankangogona mphaka. Mphekesera zitafika kunyumba, mkazi wake anamanga katundu.

"Bambo a mwana, ngati mwakonda nthochi, kakwatireni komweko."

Wometayo analumbira, koma ndani angakhulupirire munthu wolumbira nkhope ili kwina? Zinamuwawa zedi, pakuti iye ankamukonda mkaziyo ndi mtima wonse. Anangomuchonderera kuti asanapite, amuperekeze kuchipatala.

"Khosi lanu lilibe mlandu," anatero dokotala. "Mkati mwa ubongo muli njira zotumiza mauthenga kuti minofu ina ikoke, ina ipume. Kwa inu njirazo zasokonekera, zikungouza mbali imodzi kuti izikoka. Tagwirani chibwano ndi chala."

Atagwira, mutu unawongoka pang'onopang'ono mpaka anayang'ana mkazi wake m'maso. Mkaziyo anagwetsa misozi, kenako n'kuphulika kuseka.

"Chalacho chimapusitsa ubongo kwa kanthawi chabe," anachenjeza dokotala. "Jekeseni ichepetsa kukokako, koma kuchiriratu sindikulonjezani."

Vuto linali loti wometa alibe chala chopuma: dzanja lina makina, lina chipeso. Anayesa kumanga mpango pachibwano, anthu n'kumamufunsa ngati dzino likumuwawa. Anayesa kugwira chipeso ndi mano, anatsala pang'ono kuchimeza. Pomaliza analeka kulimbana ndi khosilo. Anakokera mpando ndi galasi kumanzere, n'kuphunzira kumeta ataima chammbali. Anayamba ndi anthu adazi, poti iwo analibe chotaya. Kenako enanso anabwerera, ngakhale wansidze imodzi uja.

M'mawa wina mkazi wake anatulukira atasenza makina ake osokera, n'kuwakhazika pazenera lija, kutsekereza nthochi zonse.

"Poti khosi lanu lasankha kumanzere," anatero akulowetsa ulusi, "lizipezako ine."

Khosilo silinawongoke mpaka lero, koma wometayo amakhala tsiku lonse akuyang'ana mkazi wake, ndipo palibe wodandaula.

Ndiye inu amene zanu zapotoka, musataye mtima. Zikakana kuwongoka, sunthani mpando.