Kanema Amene Sanakwere Ngolo

Chitsulocho chinali chakuda, chokhala ndi chigongono ngati mkono wa munthu, ndipo kumapeto kwake kunali thireyi yoikapo kanema. Bambo anabwera nacho kuchokera ku Joni pamodzi ndi kanema wamkulu wa chimsana chotupa, amene amuna awiri ankachita kubuula pomunyamula. Kanemayo tinkamuika patebulo. Chitsulocho chinangokhala m'katoni kunsi kwa bedi, poti palibe ankaganiza kuti khoma la njerwa zomangira dothi lingasenze katundu wotere.

Amayi anachitulutsa m'nyengo yozizira, chaka chimene bambo anasiya kudzuka. Chiperoni chinkatsika m'phiri la Mulanje, zovala osauma pachingwe, ndipo m'nyumba monse munkamveka fungo la mankhwala ndi bulangete lachinyezi. Ine ndinali kamtsikana kapulayimale, kamakani kale.

Nyumba yathu inali kuseri kwa msika, kumene magetsi anali atangofika kumene. Malowo anali a kuchikazi, poti kwathu ku Phalombe mwamuna ndiye amatsatira mkazi. Anthu ankabwera kudzaonera mpira ndi mafilimu a karate n'kusiya kangachepe m'mbale, ndipo chiyambire kudwala kwa bambo, kanemayo ndiye ankatidyetsa. Tsono amayi ankadziwa zimene zimachitika mwamuna akatsikira kulichete. Abale ake amabwera kudzatenga chilichonse chonyamulika, n'kusiya nyumba yokha chifukwa ili padothi la eni. Amayi anali ataona mng'ono wawo atasiyidwa ndi mphasa imodzi ndi ana atatu.

Anaitanitsa amalume, mchimwene wawo wokonza njinga ndi ngolo pamsika, n'kuwauza mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Achimwene, akuti chonyamulika ndi chawo. Ndiye ichi chisanyamulike."

Amalume anatsegula kathumba ka masikuluwu kamene kanabwera ndi chitsulocho, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati timisomali timeneto n'ta makoma a ku Joni, kuno tingazuke ndi mphepo. Anatenga chitsulo chosongoka ndi hamala n'kuyamba kuboola khoma la pabalaza mpaka kutulukira kunja. Fumbi lofiira linadzaza m'mano mwathu. Kenaka analowetsa mabawuti aatali a ngolo, kunja kwa khoma n'kuikako chitsulo chophwatalala kuti njerwa zisaphwasuke, n'kumanga manati zolimba. Atatha anaphwanya nsonga za mabawutiwo ndi hamala kuti nati isadzabwererenso, n'kumata simenti pamwamba pake.

Poyesa mphamvu yake anakoleka ineyo. Ndinalendewera pamkono wachitsulowo miyendo ili m'malere, amalume akundizunguza uku ndi uku, amayi akuyang'ana khoma ngati lichite mng'alu. Silinachite. Anakweza kanemayo pathireyi amuna atatu, amalume n'kumuzenga ndi lamba wachitsulo, mabawuti akenso n'kuwaphwanya mitu.

Bambo ankaonera zonsezi ali pamphasa, atatsamira chitseko cha kuchipinda. Anali ataonda moti wotchi inkatsikira m'chigongono. Amalume atafuna kuika hamala pansi, bambo anatukula chala n'kunena chapansipansi: "Menyaninso, alamu. Mkulu wanga ndimamudziwa ine."

Masabata otsatirawo ndinkanyada ngati mkonowo ndinapanga ndine. M'mawa ndinkatembenuzira kanema kukhomo la kuchipinda kuti bambo aonere ali chigonere. Masana ndinkamukankhira kuzenera, anthu n'kudzaza pakhonde. Chigongonocho chinkalira kuti kwii, ndipo amayi ankachidontheza mafuta a mashini osokera. Anthu ena ankanong'ona kuti mayiyu akukonzekera maliro mwamuna ali moyo. Lero ndikawakumbukira ndimapsabe mtima. Ankafuna adikire mpaka ngolo itaima pakhomo?

Bambo anamwalira nandolo asanaume. Tinakawaika kwawo ku Jenala, monga mwa mwambo. Maliro atangotha, ngolo inabweradi, pamwamba pake pali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, ndi azakhali. Anatulutsa matilesi, njinga, wayilesi, mipando, jekete la bambo, ngakhale tebulo limene kanema ankakhalapo kale. Amayi anakhala pansi pakona, mpango wakuda kumutu, osatsutsa kanthu. Koma ine, azakhali atagwira ketulo, ndinawalanda mwaukali. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinabweza.

Pomaliza bambo aakulu anaima patsogolo pa kanema. Anamukoka, kanema n'kungotembenuka kuwayang'ana. Anamukankha, n'kutembenukira kuzenera kumene anthu a pamsika anali ataunjikana. Wina anaseka. Anaitanitsa sipanala, koma sipanala inasowa pogwira. Anatuluka kukazungulira kuseri kwa nyumba, n'kupeza simenti youma gwa. Pobwerera thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Mlamu, mwachita dala," anatero.

"Eya, ndachita dala," anayankha amayi. Sanaimirire n'komwe. "Nyamulani ndi khoma lomwe, alamu, ngati ngoloyo ikwana. Koma khomalo lili padothi la amayi anga. Mukagumula njerwa imodzi, mlanduwo si wa chuma cha masiye ayi."

Amalume anali pakhomo, atapinda manja pachifuwa. Azakhali anayamba kulalata kuti kanemayo anagula ndi mlongo wawo ndi thukuta lake. Amayi akakwiya ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe, ndipo tsiku limenelo anachiyankhula chonse, kuwafunsa kuti mlongo wawoyo ankamusambitsa ndani miyezi yonseyi, nanga ana akewa adya chiyani mawa.

Bambo aakulu anaponya sipanala pansi. "Chabwino, khalani nacho chitsulo chanucho," anatero. "Koma kumanda kwa m'bale wanga musadzapondeko, inu ndi ana anu omwe."

"Ndamva," anatero amayi.

Ngolo itachoka ndinavina pabalaza popanda mpando ndi umodzi womwe. Ndinatembenuzira kanema kuzenera n'kukweza mawu mpaka kumapeto kuti bambo aakulu amve ali m'njira. Kanemayo anatiphunzitsa sukulu ine ndi ang'ono anga, ndipo aliyense wonena kuti amayi anasankha chitsulo m'malo mwa mwamuna wawo abwere adzanene pamaso panga. Anasankha ife.

Koma tsiku limenelo ine ndinkangoona kupambana. Mawu a bambo aakulu ndinawatenga ngati matukutuku a munthu wochita manyazi, oti mawa aiwala. Madzulo ake, ndikusesa fumbi pamene panali mipando, ndinafunsa amayi kuti tipita liti ku Jenala kukaika maluwa pamanda a bambo. Anati tidikire mvula igwe kaye. Itagwa anati tidikire ithe. Ine ndinkakhulupirira, n'kumasunga diresi langa la kutchalitchi kuti lisathe ulendowo usanafike. Sindinkadziwa kuti pamene amayi anati "ndamva", anali atatsanzikana ndi bambo kachiwiri, ndiponso kuti ku Jenala sitidzapitakonso.