Makina ochotsela sino kwa Tamala

Monile mose a m'banja.

Lelo m'mawa Tamala wanga waimba foni ya vidiyo kuchokela ku Canada. Mimba yake ili mwezi wa naini, manje sino, ayisi uja amagwa ngati ufa, yatseka njila ya motoka pakhomo pawo. Matenda akayamba apita bwanji kuchipatala? Afuna kugula makina ochotsela sinoyo, koma akangana ndi amuna ake. Iye afuna a malaiti, apongozi angawo afuna a petulo. Ati amama ndinu akulu, tisankhileni. Ine ayisi ndidziwa wa mufuliji ya amake Gile basi, ndiye fulijiyo inafa chaka chatha.

Ndapalasa njinga mpaka ku Mphamba kwa a Zimba a pachigayo, poti za makina adziwa ndi iwo. Aonelela katatu vidiyo ya makinawo imene Tamala wanditumila, nsidze zili mbuu ndi gaga. Ati, "Amama, chigayo ichi chilibe saka kukamwa, chingoponyela zonse kwa aneba. Kuno ukanakhala mlandu. Koma tengani cha petulo. Malaiti akathima mwana ali m'njila, mudzalila."

Ndamuuza Tamala, wangoseka. Ati kumeneko malaiti sathimathima.

Abale, dziko lotele liliko zoona? Ine ndiona ngati mwanayu abisa mavuto kuti ndisade nkhawa. Ndaumilila petulo, ndipo pobwelela ndadutsa kumsika ndamugulila makandulo. Ndani adziwa munthu wopita ku Canada sabata ino amutengeleko?