Kwawo kwa a Lazalo Sikudulidwa

Silence, mwana wa woyendetsa thirakitala pa purazi ina ya fodya ku Banket, ndi wouma mutu, ndipo n'chifukwa chake ndimamulemekeza. Python, njira yolembera mapulogalamu a kompyuta, anaiphunzira yekha pa foni yosweka galasi, anzake ali kalikiliki pa WhatsApp.

Bungwe lina lofufuzira anthu a m'mapurazi abale awo a ku Malawi linamupatsa ntchito yopanga fomu ya pa intaneti. Dzina, chaka chobadwa, purazi ndi kwawo kwa munthu zinkafika kwa iye zitalumikizana mzere umodzi. Pulogalamu yake inkadula mzerewo pa kachizindikiro ka koma kalikonse, ngati mzimbe pamfundo, chidutswa chilichonse n'kulowa m'bokosi mwake. Zidutswa zikapitirira zinayi, inkataya fomuyo.

Achinyamata sankavuta, ankangolemba Dedza basi. Koma yesani kufunsa nkhalamba kwawo. A Lazalo, amene anafika kuno wapansi asanamere ndevu, anatchula boma, mfumu, mudzi, mtsinje, mpaka dzina la malume awo, mdzukulu akulemba zonse. Pulogalamu inawalavula katatu, chikhalirecho mndandanda wa mayina unayenera kutumizidwa ku Malawi Lachisanu. Iwo ankangofuna kudziwa ngati mlongo wawo Filesi akadali moyo.

Bwana wa bungwelo anati nkhalamba ziuzidwe kufupikitsa mayankho. Silence anapitadi kukomboni kukawauza.

"Mwanangu, Dedza yakakura," anatero a Lazalo, akusakaniza Chichewa ndi chilankhulo cha kuno. "Ukadula pamenepo, Filesi amupeza kupi?"

Anabwerera manyazi atamugwira. Anakonza mzere umodzi wokha wa pulogalamuyo, kuti izidula katatu, zotsalazo izizisiya zathunthu. Bwana anadandaula kuti bokosi lomaliza latalika monyansa. Silence anagontha m'kutu n'kutumiza mndandanda wake.

Patatha miyezi iwiri, wofufuza wa ku Dedza anapeza midzi itatu ya dzina limodzi, ndipo chimene chinamulondolera ndi mtsinje ndi malume aja. Anatumiza mawu ojambulidwa. Silence anakwera kombi, minibasi ya kuno, tsiku lomwelo, nakaika foni pakhutu pa a Lazalo.

Munamveka mawu a gogo wopanda mano: "Iwe Lazalo, unati ukukagwira miyezi isanu ndi umodzi, ugule njinga, ubwere. Njingayo ili kuti?"

A Lazalo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Kenako anapempha Silence kuti awajambule, ayankhe. Foni inajambula mphindi zinayi, iwo osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Silence anatumiza choncho.