Ababa Anandiphunzitsa Kuwedza pa Foni

Ndinaganiza zopita ku Qatar tsiku lomwe ine ndi ababa tinakhala pakhonde masana onse osalankhulana, chonsecho sitinayambane. Ndi mmene tinkakhalira. Ababa ndi msodzi wa mu Shire, kumunsi kwa mlatho wa ku Chikwawa, munthu woti mawu amachita kuwaumira ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi. Ine ndinatengera malemu mayi anga, pakamwa sipatseka, koma ndikakhala ndi ababa nkhani zonse zinkandithawa. Bwato ndinalikana ndili mwana chifukwa fungo la nsomba m'malaya linkandichititsa manyazi kusukulu, ndipo iwo sanandikakamizepo. Choncho nditamva kuti ku Doha kukufunika alonda, sindinaone chondigwira mwendo. Nditawauza, anayang'ana kumtsinje n'kufunsa kuti, "Kumeneko madzi aliko?" Ndinati n'kuchipululu. "Chabwino, uyende bwino," anatero, ndipo kutsanzikana kwathu kunathera pomwepo.

Ntchito yanga inali kuima pakhomo la nyumba yaitali ya maofesi ku West Bay, kumamwetulira anthu omwe sankandiona n'komwe. Kumudzi foni ya intaneti inali ndi mlongo wanga Feliya, ndiye ndikafuna ababa ndinkadzera kwa iye. Macheza athu ndikhoza kuwanena onse pano chifukwa sankasintha. "Mwadzuka bwanji, ababa?" "Tadzuka." "Ndalama zija munalandira?" "Tinalandira, zikomo. Nayu Feliya." Ndinkatsala foni ili kukhutu ngati munthu wosiyidwa ndi basi. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzalandira uthenga wa maliro, ine ndi bambo wondibereka tisanachezepo nkhani ngakhale imodzi yopitirira moni ndi ndalama.

Masiku ano anyamata akandipeza pa siteji ya njinga zamoto, pomwe ndimagwira ntchito tsopano, amafuna ndiwauze za sitima yoyenda pansi pa nthaka ndi nyumba zagalasi. Ndimawauza, n'kuthirako mchere pang'ono kuti nkhani ikome. Za chaka cha Covid sakonda kumva. Maofesi anatsekedwa, ine n'kumalondera nyumba yopanda anthu, kachipangizo koyezera kutentha thupi kali m'manja, woti ndimuyeze palibe. Malipiro anayamba kubwera opereweza, mwezi wina osabwera. Kuchipinda komwe tinkagona ambirimbiri, wina akangotsokomola tonse tinkatembenukira kukhoma. Ndinasungulumwa mpaka kufika pomayankhulitsa mphaka wa pamalo oimika magalimoto, ndipo Chichewa ankachimva bwino kuposa mabwana anga.

Amene anandichotsa kwa mphakayo ndi Biju, mkulu wina wa ku Kerala, m'dziko la India, amene ankakonza makina oziziritsa mpweya m'nyumbamo. Boma litatsegula magombe, Lachisanu lina m'mawa anandigogodera. "Yalla, Malawi, tiye kunsomba." Vuto linali pakamwa pangapa, poti ndinali nditamuuza kale kuti ndine mwana wa msodzi wamkulu ndipo nsomba zimandidziwa ndi dzina. Tinapita ku Al Khor, pamalo pena pomwe nyanja imalowa pakhwawa lopapatiza pakati pa miyala. Pamenepo madzi amathamanga ngati Shire wa m'dzinja, kenako amafooka, amaima, n'kuyamba kuthamangira komwe anachokera. Ndinachita kakasi.

Biju anandipatsa ndodo yowedzera ndi kachitsulo kooneka ngati usipa, konyezimira, kokhala ndi mbedza kumchira. Anati ndi jigi, ndipo sifuna nyambo. Umaiponya, imire mpaka pansi, n'kumaidumphitsa kuti ioneke ngati kansomba kovulala. Tinkafuna hamuru, nsomba ya chikamwa chachikulu yomwe imabisala pansi m'miyala kudikira zomwe madzi abweretse. Majigiwo anali osiyana kulemera, ndipo nkhani yonse inagona pa kusankha. Ndikamanga yopepuka, madzi ankaitenga isanafike pansi, chingwe n'kumakayandama kutali uko. Ndikapsa mtima n'kumanga yolemera, inkagwa ngati mwala n'kukakamira m'mphako, chingwe n'kuduka. Pomwe dzuwa linkafika pamutu, bokosi la majigi la Biju linali litapepuka ndithu. Anandiyang'ana mwachisoni n'kufunsa m'Chingerezi chake chothyokathyoka ngati ababa ndi msodzi zoona, kapena amangogulitsa nsomba zouma.

Tsiku limenelo ndinajambula kavidiyo ka madziwo n'kutumizira Feliya, kungoti aone kuti kuchipululu kulinso nyanja. Tili m'njira yobwerera, foni inalira. Ndinayankha ndikuganiza kuti ndi Feliya, koma ndinamva mawu a ababa, ndipo moni sanapereke.

"Layisoni, madzi amenewo ndi a mtsinje wanji?"

"Si mtsinje, ababa, ndi nyanja ya mchere. Madzi amalowa, pakapita nthawi amatuluka."

"Amabwerera m'mbuyo?"

"Eya."

"Usandinamize, iwe."

Ndinalumbira. Kenako anafunsa kuti ndikaponya, chingwe chimaima bwanji. Ndinati, "Simunaone pavidiyopo?" Anati, "Ndakufunsa iweyo." Nditafotokoza, anadzuma ngati ndaononga chinthu chawo. Anati pamadzi othamanga suponya kutsogolo kwako, umaponya kumtunda komwe madzi akuchokera, kuti chitsulo chizimira chikubwera, chifike pansi chisanakudutse. Chala chikhale pachingwe. Chingwe chikafika kumunsi usanamve kugunda, chitsulo chapepuka, sintha. Chikagunda n'kukhala phee, chalemera, sintha. "Ukufuna chomwe chikugunda pansi n'kumayendabe pang'onopang'ono. Ine kuno ndimasankha manati ndi mapulagi akutha a galimoto, iwe zako zogula zikukukanika bwanji?" Biju ankandiyang'ana akuyendetsa galimoto, kudabwa kuti ndikumwetulira chiyani pomwe ndikukalipiridwa. Tinakafika ku Doha ababa asananene kuti nayu Feliya.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linakhala tsiku lathu. Ndinkaika kachingwe ka foni kukhutu, ndodo m'manja, ababa ali pakhonde ku Chikwawa kumalamula. Za magalamu olembedwa pamajigi anazikana, akuti si za msodzi. Tinagwirizana zoyerekeza ndi mabatire ang'onoang'ono a tochi: jigi ya magalamu makumi awiri inakhala ya batire limodzi, ya makumi anayi ya mabatire awiri, ya makumi asanu ndi limodzi ya atatu. Biju atandiuza kuti madzi amakwiya kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima, ndinakawauza ababa, ndipo anakondwa ngati ndawabweretsera mkamwini wabwino. Ankayamba ndi kufunsa kuti mwezi uli bwanji kumeneko, n'kundiuziratu kuti lero ndiyambe ndi ya mabatire atatu, madzi akayamba kufooka nditsikire pa awiri. Zonse ankafuna ndiziwafotokozera ndi pakamwa, mtundu wa madzi, kukula kwa miyala, komwe thovu likuzungulira. Ndinkati ndi khalidwe la aphunzitsi, kufunsa zomwe akuzidziwa kale.

Hamuru woyamba ndinamugwira madzi atangoyamba kufooka. Ndinamva jigi ikugunda pansi, kugundanso, kenako china chake chinakoka ngati chikufuna ndodo ndi mwini wake yemwe. Ndinakuwa. Ababa kukhutu anati, "Usamupatse chingwe, akalowa m'mwala. Kweza ndodo, kweza." Biju anataya ndodo yake n'kuthamangira m'madzi ndi nsapato. Itatuluka, inali nsomba ya madonthomadontho, yaitali ngati mkono wanga kuyambira pachigongono, koma pofotokozera ababa ndinaikulitsa pang'ono. Anaseka. Ndinali ndisanamvepo ababa akuseka chikhakhali chotero, ndipo ndinaima pamwalapo misozi ikutsika, Biju n'kumaganiza kuti ndikulirira nsomba.

Nthawi imeneyo malamulo a ntchito anasintha, munthu n'kutha kuchoka pakampani popanda kupempha chilolezo kwa bwana. Amalawi tonse tinali pakalikiliki kusaka malo abwino. Ine ndinapeza malo awiri oyendetsa galimoto. Ena anali olipira bwino koma opanda tsiku lopuma lokhazikika, ena anali pahotela ina ku Al Sadd, ndalama zochepa koma Lachisanu lili langa. Ndinasankha a ku Al Sadd. Yamikani, mnzanga wa ku Ntcheu amene tinkagona chipinda chimodzi, anagwira mutu. "Man, mukukana ma overtime chifukwa cha fish? Wallah simuli serious. Tinabwerera cash kuno." Sanalakwe, ndipo nyumba yake lero ndi yaikulu kuposa yanga. Koma pafoni paja nkhani zinali zitayamba kusefukira kunja kwa nsomba. Podikira kuti madzi atembenuke, ababa anandiuza mmene anakumanirana ndi mayi padoko, iwo akugulitsa mcheni, mayi akunyoza mtengo. Anandiuza za ng'ona yomwe inawalanda nkhafi. Tsiku lina anafunsa ngati ndimadya mokwanira, n'kufunsanso ngati kumeneko kulibe mkazi woti angapirire pakamwa pangapa.

Kontirakiti itatha ndinaganiza zobwerako. Biju anandipatsa ndodo yake yakale, ine n'kugula majigi okongola oti ababa akaone zomwe ankazilamula osazigwira. Minibasi itatsika mapiri a ku Thabwa, kutentha kwa kwathu kunandilandira, ndipo ndinaona kuti ngakhale kwa ku Doha sikufikapo. Ndinafika masana. Ababa anali pakhonde pomwe paja, koma sanadzuke. Anatembenuzira nkhope kumbali pang'ono kwa pomwe ndinaima, n'kufunsa kuti, "Ndani ameneyo?" Ndinaganiza kuti akuseleula, mpaka nditaona nkhope ya Feliya. Kuseri kwa nyumba bwato linali chafufumimba, udzu utamera mozungulira, nkhuku zikuikira pansi pake.

Feliya anandikokera komweko n'kundiuza. Maso anayamba kuvuta nditangochoka. Anapita nawo kuchipatala mpaka ku Blantyre, ndipo madokotala anayesetsa, koma anati mitsempha inafa, sizingabwerere. Pomwe ndinkatumiza kavidiyo koyamba kaja, ababa ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. "Ndinawayatsira kuti amve mawu anu, achimwene. Iwo anatenga foni n'kuiika kukhutu, kumvetsera madziwo, kubwereza, kubwereza. Kenako anati ndikuimbireni. Anandiletsa kuti ndisakuuzeni, ndipo mukuwadziwa."

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyo wake unali wosakanikirana ndi manyazi. Ndinabwerera pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo. Ndinawafunsa chifukwa chomwe anandibisira, ine mwana wawo, n'kumandisiya ndikutumiza zithunzi za nsomba kwa munthu wosaona. Ndinati ndikanabwera, kapena ndikanatenga ntchito ya ndalama zambiri ija, tikanayesa zipatala zina. Anandilola ndilankhule mpaka mawu anandithera, zomwe sizichitika kawirikawiri. Kenako anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza phewa langa.

"Ukanadziwa, ukanamaimba kufunsa za maso. Lachisanu lililonse, maso ali bwanji, mankhwala mwamwa, ndalama zakwana. Amenewo ndi mafunso a Feliya, ndipo amandikwana. Pamudzi pano aliyense amandifunsa za maso. Iwe wekha ndi amene unkandifunsa za madzi."

Ndinkaganiza kuti obisa ndife a kunja, amene timatumiza zithunzi titaima pafupi ndi galimoto za eni, ndipo inenso nditadwala Covid n'kutsekeredwa ndinawauza kuti netiweki ikuvuta. Sindinkadziwa kuti akumudzi nawonso amasankha zotumiza. Ndinkadziona ngati wosungulumwa ndine ndekha, pomwe msodzi anali pakhonde, mtsinje akuumva koma osaufika.

Bwato tinalimata, ndipo ndinaphunzira kupalasa pa ukulu uno, ana a padoko akundiseka. Ndikapeza mpata ndimawakweza ababa panjinga mpaka kumtsinje, iwo n'kukhala kutsogolo kwa bwato chala chili pachingwe, kumandinyoza kuti ndikupalasa ngati ndikutakasa phala. Amadwaladwala tsopano, ndipo nkhawa ndili nayo. Za maso ndi mankhwala ndimafunsa Feliya kuseri, motsitsa mawu. Ndikafika pakhonde, ababa ndimawafunsa kuti lero madzi akuti bwanji.